Umboni wa Mayi Wosoka

"Bukulo libwere kuno."

"Buku liti, bambo?"

"Musandiyese mwana, mayi. Buku la kuchipatala la mwanayu. Mapiritsi ake ndataya kale m'chimbudzi, chatsala ndi bukulo."

Mayi wosoka anachotsa phazi pamakina. Anali pakhonde akupinda siketi ya yunifolomu ya mwana wa eni ake, khanda lake lili mtulo kumsana. Mwamuna wake, kalipentala, anali ataima patsogolo pake utuchi uli mbuu m'tsitsi, dzanja atalitambasula.

"Mwataya? Onse?"

"Onse. Simunamve zimene ananena abusa dzulo? Mwana wapemphereredwa, chiwanda chatuluka anthu akuona. Ndiye tizimumwetsabe mankhwala kuti chitani? Kuti timuuze Mulungu kuti ntchito yake ndi yoperewera?"

"Chiwandacho ine sindinachione, bambo. Ndinaona mwana wanga akulira, amuna anayi akumukankha pamphumi. Khunyu si chiwanda. Namwino anatiuza kuti akangosiya mankhwala mwadzidzidzi..."

"Namwino, namwino! Zaka zisanu ndi ziwiri tikumvera namwino. Wachira? Mwezi wathawu sanagwe pamzere kusukulu, anzake n'kumuthawa ngati galu wachiwewe?"

"Anagwa chifukwa kuchipatala mankhwala anali atatha. Inunso mukudziwa."

"Ndiye mwadziyankha nokha. Kuchipatala mankhwala amatha. Kwa Mulungu sikutha kanthu."

Kalipentalayo sanali munthu woipa, ndipo mwina zikanapepuka akanakhala woipa, chifukwa munthu woipa umadziwa pomuyambira. Ndi iyeyo amene anapala makona a tebulo ndi a mipando yonse ya m'nyumbamo kuti mwana akagwa asang'ambike mutu. Ndi iyeyo amene ankasiya chitseko cha kasitomala chili pakati n'kuthamangira kusukulu kukamubereka. Kungoti anali atatopa, ndipo munthu wotopa akamva wina akufuula kuti zonse zitha Lamlungu lino, sachedwa kukhulupirira. Kuyambira pamene anasamutsira banja lake ku tchalitchi cha malata cha kuseri kwa msika, mawu a abusa a kumeneko ndi amene ankatsekula ndi kutseka chitseko cha nyumba yake.

Mwanayo anatulukira pakhomo. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, woyamba kubadwa, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Chisamba. Bukulo linali kale m'manja mwake.

"Amayi, ndalipeza pansi pa matiresi. Asiyeni aliwotche. Ine ndachira. Ndinamva ndekha chinthu chikuchoka, m'mutumu munapepuka."

"Mwanangu, kupepuka kwa tsiku limodzi..."

"Inu simukufuna kuti ndichire?"

Mayiyo anangoona bambo ndi mwana akulowera kuseri kwa shedi ya matabwa, ndipo posakhalitsa kunatuluka utsi. Anabwezera phazi pamakina, koma mzere umene anasoka unapita mokhota, moti anachita kuuphwasula.

M'mawa mwake anatsanzika kuti akukagula ulusi. Ulusiwo anaugula, kenako anakhotera kuchipatala n'kuima pamzere mpaka dzuwa kufika paliwombo.

"Buku lili kuti?" anafunsa namwino, mayi wojintcha amene ankamudziwa Chisamba kuyambira ali wamng'ono.

"Lapsa."

"Lapsa lokha? Mwana ali kuti?"

"Ali kusukulu."

Namwinoyo anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Ndinu wachinayi mwezi uno. Onse mabuku awo akupsa okha, ndipo onse amapemphera kuseri kwa msika. Ndikupatsani a miyezi iwiri chifukwa ndikukudziwani. Akatha mubwere naye mwanayo, apo ayi manja anga ndi omangika. Koma mumuuze, mayi. Si khanda ameneyu."

"Ndikamuuza akawauza bambo ake. Mwana ameneyu sadziwa kubisa. Ndinamulera ndekha choncho."

Mapiritsiwo anawabisa m'kachitini ka mabatani, pansi penipeni, pamene mwamuna sangapisepo dzanja ngakhale malaya ake atayamba kuonetsa mchombo. M'mawa uliwonse, bambo akusamba ndipo Chisamba akusesa pabwalo, ankakulunga piritsi limodzi m'kansanza, kuliphwanya ndi chigwiriro cha sizasi, n'kukhutulira ufawo m'kapu ya tiyi ya mwanayo. Pamwamba pake ankathira masupuni atatu a shuga kuti kuwawa kusamveke. Ndipo m'mawa uliwonse, supuni ikuzungulira m'kapumo, ankapemphera pemphero limodzimodzi: "Ambuye, inu mukuona. Ngati ndikuchimwa, tchimoli likhale langa, lisakhale lake."

Anali mayi wopemphera ameneyu, osati wongoonetsera. Makina sankawagwira asanagwade. Nyimbo za m'tchalitchi chake chakale ankaziimba motsitsa mawu akamasita, ndipo khanda lija linkagona nazo. Bodza ankadana nalo, moti kasitomala akafunsa ngati diresi ikumukhala, iye ankanena chilungamo ngakhale munthuyo achoke atakwiya. Tsopano ndi yemweyo amene tsiku lililonse ankayamba ndi kunamiza mwana wake, ndipo zinkamupweteka.

"Amayi, masiku ano shuga mukuthira ngati tatsegula sitolo," anatero Chisamba tsiku lina, akunyambita milomo.

"Imwa uzipita, uchedwa."

Mlungu unatha mwana osagwa. Wachiwiri unathanso, wachitatu chimodzimodzi. Chisamba anasintha anthu akuona. Anayamba kubwera kuchokera kusukulu ali ndi anzake awiri, omwe aja ankakana kukhala naye desiki imodzi. Analowa kwaya. Bambo ake ankaimba likhweru m'shedi tsiku lonse, ndipo aliyense wobwera kudzafunsa za mpando ankachoka atalalikidwa. Madzulo ena anagwira phewa la mkazi wake n'kunena moseka, "Nanga namwino wanu uja akuti bwanji?" Mayiyo anaseka nawo.

Lamlungu lachinayi abusa anaima kutsogolo atavala suti yonyezimira, thukuta likutsika m'khosi. Anamuitana Chisamba, anaitana bambo ake, kenako anatambasula mkono kuloza ku mabenchi a amayi.

"Mayi ake a mwanayu abwere. Mpingo wonse ukudziwa kuti poyamba ankakayika. Lero tikufuna timve kuchokera pakamwa pawo."

Mayi wosoka anadzuka n'kupita kutsogolo. Abusa anamuikira maikolofoni pakamwa.

"Mayi, mwaima pamaso pa Mulungu. Chipemphereredwe mwanayu, wagwako?"

"Sanagwe."

"Wamwako piritsi ngakhale limodzi?"

Mayiyo anayang'ana mwana wake. Chisamba anali akumwetulira, maso ali waliwali, ataima mowongoka pakati pa anthu amene kale ankasuntha iye akakhala pambali pawo. Mayiyo anali asanamuonepo ataima choncho chibadwire.

"Sanamwe," anatero.

Nthungululu zinalira mpaka malata ananjenjemera. Amayi anamukumbatira, ena anamuponyera nsalu pamapewa. Phokoso litachepa, abusa anakweza dzanja.

"Chozizwitsa chotere sitingachithokoze ndi pakamwa pokha. Sukulu zatsekera. Kuyambira Lolemba la mlungu wamawa, achinyamata onse asala kudya masiku asanu. Azigona m'tchalitchi muno, atavala zoyera, ndipo sadzalawa kanthu kupatula madzi a mumgolo amene ine ndidzadalitse. Kholo lisabweretse kalikonse. Wotsogolera anzake akhala mwana wochiritsidwayu."

Anthu anawombanso m'manja. Mayi wosoka yekha ndi amene sanawombe. Masiku asanu opanda tiyi.

Mlungu umenewo ntchito inamuchulukira kuposa kale, chifukwa makolo onse anabweretsa nsalu zoyera kwa mayi wa umboni. Ankasoka mutu uli kwina. Anayesa kulankhula ndi mwamuna wake ali pa ntchito yake m'shedi.

"Bambo, mwanayu angodwala kumene. Masiku asanu osadya achuluka. Bwanji azipita masana, madzulo azibwera kudzagona kuno?"

"Anzake onse agone kumeneko, iye wotsogolera azibwera kudzagona pa msana pa amake? Mayi, munaima nokha kutsogolo kuja. Mwayambanso kukayika?"

"Sindikukayika. Ndikuopa."

"Mantha ndi kukayika ndi ana a mimba imodzi. Pitani mukamalize madiresi a anthu."

Mayiyo anaganiza zonse zimene mutu wake ukanatha. Kuthira mankhwala mumgolo, ndiye kumwetsa ana a eni ake. Kunamizira kuti mwana wadwala malungo, ndiye abusa abwera kudzamupempherera n'kumutenga. Panatsala njira imodzi yokha, yomwe ija namwino anamuuza pachiyambi.

Lamlungu masana, atabwerako ku tchalitchi, anamuitanira Chisamba kuchipinda kuti ayese diresi yake. Mtsikanayo anaima pa kampando, mayi atagwada pansi akulunga mpendero.

"Tembenuka. Imika mutu. Pisa dzanja m'chiuno mkati, kumanzere. Ukumva chiyani?"

"Kathumba. Muli timiyala."

"Si timiyala. Ndi mapiritsi asanu. Limodzi m'mawa uliwonse, ukamamwa madzi a mumgolo. Wina asakuone."

Chisamba anachotsa dzanja msanga. "Amayi, mwayambanso? Mwezi wathunthu ndakhala osamwa, ndagwa?"

"Tsika ukhale apa, mwanangu."

"Ndagwa?"

"Sunagwe chifukwa wakhala ukumwa. Tsiku lililonse. Ndimaphwanya n'kuthira m'tiyi."

Panja pankamveka bambo akunola sowo.

"Mukunama."

"Ndanama zambiri mwezi uno, koma ichi chokha ndi choona."

"Ndiye kutsogolo kuja, abusa atanena kuti mwaima pamaso pa Mulungu..."

"Ndinanama."

"Ndiye kuti ine..." Chisamba anatsika pa kampando. "Ine ndauza kalasi lonse. Ndinaima kutsogolo kwa kwaya n'kulira. Ndiye kuti sindinachire?"

"Sunachire, mwanangu. Koma taona, mwezi wonse uli bwino. Mulungu yemweyo ndi amene anapatsa anthu nzeru zopangira mankhwala. Ukamamwa osadumphitsa, utha kuphunzira, utha kuimba, utha..."

"Shuga uja," anatero Chisamba, misozi ikutsika. "Ine ndimayesa mukundithirira chifukwa mwakondwa kuti ndachira."

Mayiyo anafuna kumugwira, koma mwanayo anamukankha dzanja n'kutuluka diresi ili ndi mapini. Sanapite kukamunenera mayi ake. Anapita kukafunsa bambo ake ngati zinali zoona, monga amachitira mwana amene pansi pamugumukira. Kunola kwa sowo kunaleka.

Kalipentala sanakalipe, ndipo kusakalipako kunali koopsa kuposa kukalipa. Analowa m'nyumba, anang'amba kathumba kaja, anakhutula dirowa ya makina, anakhutula kachitini ka mabatani pa tebulo mpaka mapiritsi otsala anagubudukira poyera. Anawatola limodzilimodzi.

"Mwezi wonse ndikuimba likhweru ngati chitsiru," anatero motsitsa mawu. "Ndikuuza makasitomala. Inu mukundiyang'ana, mukuseka nane."

"Ndimenyeni ngati mukufuna, bambo. Ndithamangitseni. Koma mwanayu asapite kumeneko wopanda mankhwala. Ndagwira mwendo wanu."

"Mwendo wanga usiyeni. Mukagwire wa abusa."

Abusa anafika dzuwa lisanalowe, anakhala pa mpando wabwino, anamvetsera zonse akugwedeza mutu ngati munthu amene ankazidziwa kale. Munthu ameneyu sankagwidwa ndi funso lililonse. Mwana akapanda kugwa, ndi pemphero lake. Mwana akagwa, ndi tchimo la wina.

"Musalire, mtsikana," anatero. "Inu munachira tsiku lomwe lija. Chimene chachitika n'chakuti chiwanda chitatuluka, mayi anu akhala akuchiikira chakudya pakhomo m'mawa uliwonse kuti chisapite kutali. N'chifukwa chake Mzimu anandiuza za kusala kudya, ine osadziwa chifukwa chake. Mwaona mmene Mulungu amaululira zobisika?"

"Abusa," anatero mayiyo, ali chogwada, "ndinachimwa ponama, ndipo ndivomera pamaso pa mpingo tsiku limene munganene. Koma mwanayu akasiya mankhwala, kuwonjezera njala, agwa. Ndikumudziwa. Ndinamubala ndine."

"Munamubala ndinu, koma anamulenga ndi wina. Kuyambira lero musakhudze chakudya chake kapena madzi ake. Bambo, nyumbayi ndi yanu, muiyang'anire."

Chisamba anali atapukuta misozi. Ankayang'ana abusa ngati munthu womira amene waponyeredwa chingwe. Sanawayang'ane n'komwe mayi ake, ndipo Lolemba m'mawa anachoka osatsanzika.

Tsiku lililonse mayi wosoka ankabereka khanda n'kupita kukaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi. Amayi olondera pachipata, omwe aja anamuponyera nsalu, tsopano ankamuyankha atayang'ana kumbali. Anathamangira kwa namwino, koma namwino anangotambasula manja: iye sakanatha kulowa m'tchalitchi cha eni ake kukalanda mwana amene bambo ake anamupereka okha. Mayiyo anabwerera kumpanda. Ankamva ana akuimba mkatimo, mawu akucheperachepera tsiku ndi tsiku, ndipo ankatchera khutu kuti apeze a mwana wake. Nayenso sankadya. Ankapemphera ataima, atagwira waya wa mpandawo, kuti Mulungu amuchititse manyazi iyeyo, aoneke wabodza ndi wosakhulupirira pamaso pa anthu onse, bola mwana atuluke wathunthu.

Lachinayi linadutsa. Lachisanu masana makolo anaitanidwa kudzaona ana akumasula kusala. Pabwalo la tchalitchi anasonkha moto waukulu n'kutereka chimphika cha madzi a tiyi. Mayi wosoka analetsedwa kulowa, choncho ankaonera pa mpata wa mpanda. Anamuona Chisamba akutuluka, ataonda, milomo itauma, diresi yoyera itamukulira.

"Mwanayu kwawo sankamulola kuyandikira moto," anafuula abusa. "Lero asonkhezere yekha moto umenewu, adani a chikhulupiriro aone!"

"Ayi!" anakuwa mayiyo. "Moto ayi! Bambo ake, muletseni!"

Mawu ake anamira m'nyimbo. Chisamba anawerama, anakankhira chikuni chimodzi, chachiwiri. Kenako anaima n'kuyang'ana m'mwamba, mutu utapendekera kumanja. Mayi ake ankachidziwa chizindikiro chimenecho kuposa mmene ankadziwira nkhope yawo.

Mmene anadutsira pachipata mayiyo sakumbukira. Mwanayo anagwera cham'mbali, mkono unalowa m'moto, chimphika chinapendeka. Anthu anafutuka n'kupanga bwalo, manja m'mwamba, akudzudzula chiwanda. Palibe amene anamugwira, chifukwa ngakhale ankafuula kuti ndi chiwanda, aliyense mumtima ankaopa thovu la pakamwa pake. Mayiyo anabowola pakati pawo khanda likulira kumsana, anamukoka miyendo, anazima diresi ndi manja ake. Kalipentala anali ataima pomwepo, pakamwa pali yasa, nyimbo itamuthera pakati.

Kuchipatala anamanga mkono wonse wamanja, phewa, ndi mbali imodzi ya nkhope. Dokotala anati zala ziwiri mwina sizidzawongokanso. Abusa sanabwere. Anatumiza uthenga kudzera mwa bambo ake kuti bodza la pa guwa lili ndi malipiro ake, ndipo mabala akangouma mwanayo abwerere adzamalize kumasulidwa.

Tsiku lachitatu Chisamba anayamba kulankhula. Mayi ake anali atakhala pa kampando pambali pa bedi, manja awonso atamangidwa. Bambo ake anali ataima kumiyendo, chipewa chili m'manja. Namwino wa m'chipindamo anabwera ndi kapu ya madzi ndi piritsi m'kambale, anaziika pa kabati.

"Masiku awiriwa timamubaya jekeseni, koma tsopano ayambe kumwa yekha. Tsegula pakamwa, mtsikana."

Chisamba anatseka milomo.

"Iwe, ukagwanso ndi mabala amenewa udzaphwasula zonse zimene tamanga. Mayi, lankhulani naye. Inu ndiye angakumvereni."

Mayiyo anasendera pafupi. "Mwanangu, sindikubisiranso kanthu. Ili ndi piritsi, awa ndi madzi, ukuziona wekha. Imwa. Ndikupempha m'dzina la Yesu yemweyo amene tonse timamupembedza."

Mtsikanayo anatembenuza diso limene linali losamangidwa. Munalibe mkwiyo m'disomo, ndipo n'chimene chinamupweteka mayiyo kwambiri.

"Amayi, ndinatsala pang'ono. Mukanandisiya mwezi uja, bwenzi nditachira."

"Mwanangu..."

"Ndili ndi ludzu. Koma andipatse ndi ababa."

Namwino anayang'ana kalipentala. Mayiyo nayenso anamuyang'ana. Bamboyo anaika chipewa pabedi, anazungulira n'kufika pa kabati. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana mkono womangidwa wa mwana wake. Kenako anatenga kapu, anatukula mutu wa mwanayo mosamala n'kumumwetsa madzi onse. Piritsi analisiya m'kambale.